Tikapu ta Mgonero Kusukulu

1. Sayansi yopanda manotsi

Chaka chimene ndinalowa Fomu 2, sayansi pasukulu pathu inasintha. Kale tinali ndi makope atatu: la bayoloje, la kemisitiri ndi la fizikisi. Mphunzitsi ankalemba pabolodi, ife n'kumakopera, kenaka n'kuloweza. Ine, Damaris Njobvu wa kukomboni ya Buchi kumigodi, ntchito imeneyo ndinkaidziwa bwino. M'kalasi sindinkayankhula, koma pamayeso dzina langa silinkatsika pa nambala 3.

Tsiku lotsegulira sukulu, Ba Chanda, aphunzitsi athu a bayoloje, analowa ndi buku limodzi lachikuto chobiriwira. Anati maphunziro atatu aja awaphatikiza kukhala amodzi, ndipo onsewo atiphunzitsa ndi iwo okha. Anati manotsi atha. Tizikhala m'magulu a anthu asanu ndi mmodzi, tizigwira zinthu ndi manja athu, n'kumanena zimene taona.

Wina kumbuyo anafunsa ngati mpweya uli wa kemisitiri kapena wa fizikisi. Ba Chanda anatsegula buku lija, anavundukula masamba angapo, n'kulitseka. Anayankha kuti mpweya ndi mpweya basi. Kalasi inaseka, iwonso anaseka, koma ndinaona kuti chala chawo chinatsala pakati pa masamba.

Masabata anapita. Tinayeza zithunzithunzi za mitengo ndi zingwe. Tinavundikira kandulo ndi botolo. Tinakumba nyongolotsi kuseri kwa khitchini ya sukulu. Chilichonse chikatha, Ba Chanda ankafunsa funso limodzi lomwelo: "Mwaona chiyani?" Anzanga ankaponya mayankho m'Chizungu chosakaniza ndi Chibemba. Ine ndinkaona zambiri, koma sindinkadziwa kuti choyenera kunena ndi chiti. Ndinkadikira kuti alembe yankho lenileni pabolodi. Sankalemba.

Zipangizo nazo kunalibe. Ankati mabokosi ali m'njira, ndipo sabata iliyonse anali adakali m'njira. Choncho lamulo la Ba Chanda linali lakuti chilichonse cha kunyumba ndi chipangizo cha sayansi: zitini, mabotolo, mphira, misomali.

Pakati pa temu anandiitanira patebulo pawo. Anandiuza kuti theka la malikisi tsopano likuchokera ku ntchito ya m'gulu, ndipo pa dzina langa panalibe cholemba.

"Damaris, gulu lako litakhala la anthu asanu, ine sindingazindikire kuti wina wasowa," anatero.

Ndinayang'ana nsapato zawo. Zinali ndi fumbi la choko.

2. Atate ayendera makope

Lamulungu lina masana, titabwera kutchalitchi, atate anaitanitsa makope anga. Atate anga, a Jethro Njobvu, anali kalipentala wa khonsolo. Sukulu analekezera Sitandade 4 kwathu ku Katete, koma makope a ana awo ankawayendera ngati chitseko chimene wakhoma wophunzira ntchito.

Ndinawapatsa kope limodzi. Anafunsa kumene kuli ena awiri, ndipo ndinafotokoza mmene ndinathera. Anavundukula masamba n'kupeza chithunzi cha kandulo, cha nyongolotsi ndi cha mtengo wa mango. Anafunsa ngati aphunzitsi akudwala. Nditati ali bwino, anavula magalasi n'kuwaika pabondo.

"Mwanawe, ine kuno kumigodi ndinabwera ndi sowo ndi hamala basi. Kuntchito kwathu kuli kalipentala, kuli womanga njerwa, kuli wa mipopi, ndipo aliyense ali ndi bokosi lake la zida. Munthu akabwera n'kunena kuti zonsezi ndimazidziwa, kapitawo amamupatsa wilibala. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Taona, azungu akupita kwawo, mipando kumgodi ikutsala yopanda anthu. Adzafuna mwana wodziwa chinthu chimodzi mpaka pansi pake. Iwe akadzakufunsa udzati chiyani? Kuti ndinayeza chithunzithunzi cha mango? Sindikuti unyoze aphunzitsi, ayi. Mphunzitsi ndi kholo. Koma maso ako akhale otsegula, ndipo zoseweretsa za kusukulu zizithera kusukulu komweko."

Amayi anga, a Matilda, anali kusankha nyemba pakhomo. Ananena chapansipansi kuti mwina akuluakulu a maphunziro akudziwa chimene akuchita, poti dziko ndi latsopano. Atate anati dziko ndi latsopano, koma msomali ukadali msomali. Kenaka anandifunsa kuti ineyo ndikuona bwanji.

Linali funso la Ba Chanda lomwe lija.

3. Bokosi la pansi pa bedi

M'nyumba mwathu munali chinthu chimodzi chimene sichinali chathu. Amayi ndiwo ankasunga tikapu ta Mgonero ta mpingo wathu wa Reformed. Tinali tikapu tagalasi, tating'ono ngati dzira la nkhuku, makumi asanu ndi atatu. Azimayi a Chigwirizano ndiwo anatigula, ndipo atate anakhoma mathireyi awiri a matabwa, lililonse lokhala ndi mabowo makumi anayi, kakapu kalikonse pabowo pake. Zonsezi zinkakhala m'bokosi lachitsulo pansi pa bedi la makolo anga. Kiyi ankakhala m'thumba la bulauzi yoyera ya Chigwirizano.

Mgonero unkachitika kamodzi pa miyezi itatu. Loweruka lake, naini koloko m'mawa, azimayi ankabwera kwathu kudzatsuka tikapu. Folo koloko masana ankatinyamula kupita nato kutchalitchi, kumene akulu a mpingo ankationa asanayambe mapemphero okonzekera.

Tsiku limene bokosi linalowa m'nyumba, amayi anatikhazika pansi ana tonse anayi. Mawu awo ankawabwereza Mgonero uliwonse ukayandikira, mpaka mng'ono wanga wotsiriza anawaloweza.

"Tikapu iti si tathu. Si ta abusanso. Tili ndi ntchito imodzi yokha padziko lino, ndipo ntchitoyo mukuidziwa. Mlendo atabwera muno n'kupeza mulibe chomwera, amwere m'manja. Mwana atadwala n'kusowa choyezera mankhwala, ndikabwereka supuni kwa aneba. Pamene ankandisankha, ena anaimirira n'kunena kuti nyumba ya ana ambiri siingasunge zinthu zopatulika. Ine ndinaimiriranso n'kunena kuti ana anga ndimawadziwa. Ndinakuikirani kumbuyo pamaso pa mpingo wonse. Kakasowa kamodzi, sadzafunsa inu. Adzaitana ine kubwalo la akulu a mpingo, adzandilanda kiyi, ndipo mwina Mgonero ndidzauonera kumpando wakumbuyo anzanga akulandira. Mwamva?"

Tonse tinkayankha kuti tamva. Ine, monga woyamba kubadwa, ndinkayankha poyamba.

4. Nzeru za Gwen

Lolemba la sabata ya Mgonero, Ba Chanda analowa m'kalasi akumwetulira. Anali atapeza kapaketi ka mankhwala abuluu. Anati Lachitatu tidzaona mmene zinthu zimasungunukira m'madzi. Popeza mankhwalawo anali ochepa, gulu lililonse libweretse ziwiya zisanu ndi chimodzi, zagalasi loonekera mkati, zazing'ono ndi zofanana msinkhu. Gulu lopanda ziwiya lidzangoimirira kumbuyo n'kumaonerera.

Mtsogoleri wa gulu lathu anali Gwen Chirwa wa kukomboni ya Wusakile. Bambo ake anali kalaliki kumgodi, ndipo makolo awo anachokera ku Malawi. Pasukulu Gwen ankayankhula Chibemba ngati wobadwira ku Kasama, koma akakhala ndi ine ankabwerera ku Chinyanja. Tsiku lina anandiperekeza kwathu n'kupeza azimayi akutsuka tikapu. Gwen sankaiwala chinthu chimene waona.

Pobwerera kunyumba anandikoka dzanja.

"Iwe Dama, kwanu kuli tikapu eyite tofanana ngati mapasa, ndipo wangokhala phee ngati sukudziwa."

Ndinati timeneto ndi ta Mgonero.

"Nanga ndati tikamwere mowa? Ndi madzi chabe. Utenge sikisi m'mawa, masana ubweze. Ngakhale abusa sangadziwe."

Ndinamuuza za chenjezo la amayi. Iye anati nawonso kutchalitchi kwawo ali ndi malamulo, koma lamulo limagwira munthu amene waoneka. Anandikumbutsa mawu a Ba Chanda akuti chilichonse cha kunyumba ndi chipangizo cha sayansi. Ndinafunsa ngati mawuwo akuphatikizapo zinthu za kutchalitchi. Anati aphunzitsi anati chilichonse, sanati zina.

"Tamvera, mwana wa Chigwirizano," anatero tikusiyana panjira ya kumsika. "Ife malikisi timawapeza ndi pakamwa. Iwe pakamwa ulibe. Uwapeze ndi tikapu."

Lachiwiri lonse ndinayendayenda kwa aneba kufunsa mabotolo. Ndinapeza atatu: la jamu, la mafuta odzola ndi la mankhwala a chifuwa. Lina linali lalitali, lina lalifupi, lina lofiirira.

Lachitatu m'mawa atate anakwera njinga kupita kuntchito. Amayi anasenza dengu la tomato kupita kumsika wa Buchi. Ang'ono anga anali atapita kale kupulayimale. Chipinda cha makolo ndinali ndisanalowemo chikhalire namwali, monga mwambo wathu ulili. Tsiku limenelo ndinalowamo. Bulauzi yoyera inali pamsomali, kiyi ali m'thumba mwake. Ndinatenga tikapu tisanu ndi kamodzi pamzere wakumapeto, n'kutikulunga m'masokosi awiri a atate.

5. Madzi abuluu

M'kalasi magulu ena anayala mabotolo a jamu ndi zitini. Gulu lina linabweretsa botolo lodulidwa pakati, ndipo mwini wake anali ndi nsanza pachala. Ba Chanda atafika patebulo pathu anaima. Anatenga kakapu kamodzi n'kukayang'ana chakuwindo. Anafunsa kuti wabweretsa ndani, ndipo Gwen analoza ine.

"Mwabombeni, Damaris," anandiyamikira m'Chibemba, ndipo kalasi yonse inatembenuka.

Sanafunse kumene ndinatitenga. Iwo anali a Katolika, kumene wansembe amagwira chikho chimodzi chachikulu, choncho tikapu totere anali asanationepo.

Anatithirira madzi ofunda, kenaka anagawa mankhwala aja. Anati ndi mchere wochokera ku kopa, mkuwa womwewo umene ukukumbidwa pansi pa mapazi athu. Tiike kasupuni kamodzi m'kakapu koyamba, tiwiri m'kachiwiri, mpaka kachisanu ndi chimodzi. Asanatilole kuyamba anagogoda patebulo ndi rula.

"Mankhwala awa ndi poizoni. Osalawa. Mukatha musambe m'manja. Ndipo chiwiya chilichonse chimene chalowa mankhwala awa chisabwererenso kukhitchini."

Ndinayang'ana Gwen. Iye anali atathira kale kasupuni koyamba, ndipo madzi anali kusanduka abuluu ngati yunifolomu ya anamwino.

Tinatakasa. M'tikapu tinayi toyamba ufa wonse unasowa. M'kachisanu munatsala pang'ono. M'komaliza ufa unakhala pansi, osasuntha, ngakhale Gwen anatakasa mpaka dzanja kutopa. Anati madzi ake ndi oipa. Ba Chanda anafika ndi funso lawo lija, ndipo sindikudziwa chimene chinandigwira. Ndinanena kuti madziwo si oipa, koma akhuta. Anandiuza kuti ndibwereze mokweza. Ndinabwereza. Anapita pabolodi n'kulemba mawu angawo, pansi pake n'kulemba dzina langa. Kanali koyamba chaka chimenecho kuti alembe yankho pabolodi.

Belu litatsala pang'ono kulira, ndinayamba kuyang'ana kumpopi kuti ndikatsuke tikapu. Ba Chanda anali kuwerenga buku lawo lobiriwira. Anatembenuza tsamba, n'kukweza nsidze ngati munthu amene wapeza ndalama m'thumba la jekete yakale. Zinkaoneka kuti tsamba limenelo anali asanaliwerenge. Anati phunziro silinathe. Madzi okhuta aja akasiyidwa sabata yathunthu osagwedezeka, pamamera timiyala tabuluu tonyezimira. Ziwiya za gulu lathu ndizo zinali zabwino koposa, choncho ndizo zisungidwe.

Anatinyamula okha pathabwa, n'kukatiika m'kabati ya m'chipinda chosungira mankhwala. Ndinawatsatira mpaka pakhomo. Anakhoma chitseko, kiyi n'kuika m'thumba la thalauza. Potembenuka anandipeza ndaima pamenepo.

"Eya, Damaris? Pali china?"

"Palibe, aphunzitsi."

Ndinadziuza kuti ndidzawauza mawa m'mawa, anthu asanachuluke.

Lachinayi Ba Chanda kunalibe. Pamzere wa m'mawa ahedi analengeza kuti aphunzitsi a sayansi aitanidwa ku Ndola kukaphunzira kaphunzitsidwe ka sayansi yatsopanoyi, ndipo adzabwera Lolemba. Ana ena anaseka kuti kodi nawonso aphunzitsi sakuidziwa. Gwen anapita kuofesi kukanama kuti anaiwala cholembera m'chipinda cha mankhwala. Anamuuza kuti chipindacho chili ndi kiyi mmodzi, ndipo kiyiyo ali ndi mwini wake ku Ndola.

6. Matambula a malume

Lachisanu Gwen anandikokera kuseri kwa holo. Anatulutsa m'chikwama kaphukusi ka nyuzipepala. Mkati munali timatambula tisanu ndi kamodzi. Msinkhu wake unali pafupifupi wofanana ndi wa tikapu tathu, kungoti pansi pake panali pochindikala. Anati malume ake amagulitsa mowa kukalabu ya ogwira ntchito kumgodi, ndipo timeneti n'toyezera mowa waukali. Ndinanunkhiza kamodzi. Fungo linali lidakalimo.

"Sopo alipo kwanu, si choncho? Utsuke kawiri, uike pamzere wakumapeto. Ndani amayang'ana pansi pa kapu akupemphera? Maso amakhala otseka."

Ndinati izi ndi za kubala.

"Galasi ndi galasi, mwandi. Ba Chanda ananena okha kuti galasi lililonse ndi mchenga wosungunula. Mchenga wa kubala ndi mchenga wa kutchalitchi wasiyana pati? Ndiponso tikapu tako tija talowa poizoni. Ukufuna agogo a mumpingo mwanu agwe pansi atalandira? Apa ndiye ndakupulumutsa."

Za mchenga zinali zoona, ndinazilemba ndekha m'kope. Za poizoni zinalinso zoona. Ndinamufunsa ngati poizoniyo sachoka ndi sopo. Anati iye si mphunzitsi. Ndinamufunsa kuti ngati galasi lili lofanana, bwanji aphunzitsi akuletsa kubweza chiwiya kukhitchini. Anati ndimafunsa mafunso ambiri kwa munthu wosayankhula. Anaika kaphukusi m'chikwama changa n'kumanga lamba wake yekha.

Kunyumba ndinapeza amayi akusita bulauzi yoyera ndi simbi yamakala. Anali kuimba nyimbo ya Mgonero chamumtima. Atandiona anaimika simbi.

Anati mawa ndisapite kulikonse. Popeza chaka chamawa ndiyamba kalasi ya chikhristu, akufuna ndikhale nawo potsuka tikapu, kuti ndiphunzire kagwiridwe kake. Thireyi lachiwiri ndidzatsuka ndi kupukuta ndine. Anati azimayi amene ankakayika aja adzakhalapo, ndipo akufuna aone okha mwana amene anamulera.

Mabowo opanda kanthu anali pa thireyi lachiwiri lomwelo. Ndikanalowa m'chipinda amayi ali kumpopi, n'kuika timatambula ta Gwen, kenaka n'kutsuka ndekha, palibe dzanja lina limene likanatikhudza mpaka kutchalitchi.

Ndinayankha kuti ndamva. Chikwama ndinakachibisa pansi pa mphasa, kumutu kumene ndimagona.

7. Loweruka m'mawa

Hafu pasiti sikisi amayi anatenga ndowa kupita kumpopi. Atate anali kuseri kwa nyumba akunola sowo. Ang'ono anga anali kusesa pabwalo. Chitseko cha chipinda cha makolo chinali chotsegula, bulauzi yosita ili pamsomali pake.

Ndinaima pakhomo pa chipindacho, kaphukusi kali m'manja. Ndinamva sowo ikulira, ndi mawu a amayi akupatsana moni ndi anzawo kumpopi. Wina anawafunsa ngati zonse zakonzeka, ndipo iwo anayankha mokweza kuti zonse zili m'malo mwake.

Sindinalowe. Ndinazungulira kuseri, n'kudikira mpaka amayi atatula ndowa. Ndinagwada pakati pa awiriwo, ndinamasula nyuzipepala, n'kuyala timatambula tija pansi.

Nkhani ndinaiyambira pakati. Ndinanena za Ndola ndisananene za tikapu, za poizoni ndisananene za kiyi. Atate anaika sowo pansi n'kundiuza kuti ndiyambirenso, kuchokera Lolemba. Ndinayambiranso.

Amayi anatola katambula kamodzi, anakanunkhiza, n'kukaika patali. Anapukuta dzanja pachitenje. Analowa m'nyumba, ndipo tinamva bokosi lachitsulo likukokedwa pasimenti. Atatuluka sanakhale pansi. Anaima chotsamira khoma, akuyang'ana kumpanda.

Atate anafunsa mafunso awo limodzilimodzi. Tikapu tingati? Tasweka? Tili m'chipinda chiti? Kiyi ali ndi ndani? Pomaliza anafunsa ngati mankhwalawo amachoka akatsukidwa. Ndinati aphunzitsi ananena kuti chiwiya chisabwerere kukhitchini, koma za kutsuka sananene.

"Miyezi yonseyi mukusakaniza zinthu, chimenechi sukuchidziwa?"

"Sitinafike pamenepo, atate."

Anapuma mozama. Anathamangitsa ang'ono anga amene anali atayamba kusuzumira, kenaka anayankhula mosakweza mawu.

"Unalowa m'chipinda chosalowa, n'kutenga chinthu chimene si chako, si cha amayi ako, si changa. Unatenga chifukwa unkafuna kuoneka pamaso pa mphunzitsi, ndipo waonekadi. Koma chimene chikundiwawa ine ndi Lachitatu. Munthu anaima pamaso pako n'kukufunsa kuti pali china? Iwe unati palibe. Ukanangoti tikapu ndi ta tchalitchi, bwenzi lero tikumwa tiyi. Ife takhala tikukutama kwa anthu kuti Damaris ndi wofatsa, Damaris sayankha. Lero kufatsa kwakoko kwadya ulemu wa amayi ako. Kukhala chete denga likudontha si ulemu, mwanawe, ndi kuwononga nyumba. Tsono izi zimene wayala apazi, ukanaziika m'bokosi muja, amayi ako akanazisenza pamutu kupita nazo kunyumba ya Mulungu osadziwa, ndipo mawa anthu akanamwera m'ziwiya za kubala. Pamenepo ndiye ukanatipha tonse. Wachita bwino kunena. Koma usayese kuti mlandu watha."

Anatembenukira kwa amayi n'kufunsa kuti, "Amake Damaris, titani?"

Amayi anapisa m'chitenje n'kutulutsa kiyi wa bokosi. Anamuyang'ana kanthawi, n'kumuika pathabwa limene atate ankanolerapo.

"Azimayi akafika ndiwauza ndekha, asanatsegule thireyi. Kiyi uyu lero sagona m'nyumba muno, ndikudziwa. Za kubwalo ndikaziona konko."

Ine sanandiyang'ane. Ndinkafuna atandikalipira, koma anangonyamula ndowa yawo n'kulowa nayo m'nyumba.

Atate anayang'ana wotchi. Inali hafu pasiti seveni. Anati katundu wa mpingo ayenera kubwerera kwa eni ake, kaya ndi womwera kaya ayi, akaweruze ndi akulu a mpingo. Akulu akadzatsegula mathireyi folo koloko n'kupeza tikapu tonse tilipo, amayi adzakhala ndi poyambira kuyankhula. Akadzapeza mabowo, palibenso chonena. Ndiponso atatewo akufuna amve kuchokera pakamwa pa mphunzitsiyo ngati poizoni wake amachoka. Choncho tipita ku Ndola kukafuna Ba Chanda ndi kiyi wawo.

Anavala jekete yawo ya kutchalitchi. Anandiuza kuti ndivale nsapato, ndikulungenso zonyansa zija, ndizichotse pakhomo pawo.

Tinayenda wapansi kuchokera ku Buchi mpaka kusiteshoni ya mabasi m'tauni, iwo patsogolo, ine pambuyo. Basi ya ku Ndola inali itatsala pang'ono kudzaza. Tinakhala kumbuyo, pafupi ndi mayi wina wonyamula nkhuku. Basi ikagunda dzenje, timatambula tinkalira m'chikwama pamiyendo panga, ndipo atate ankayang'ana kunja.

Titaoloka mlatho wa Kafue anatembenuka.

"Tsono ku Ndolako, aphunzitsi akowo ali pasukulu iti?"

Pamzere paja ahedi anangoti ku Ndola.